Pulofesa wa h-index ya 48 ndi wa 13: ndani wathandiza kwambiri pa sayansi ya zakudya ndi zomera?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wangomaliza digiri yoyamba ya sayansi ya zakudya ndipo akufuna kupitiriza ndi yachiwiri. Pali mapulofesa awiri amene angathe kumuyang'anira pa kafukufuku wake. Woyamba ali ndi h-index (nambala yosonyeza mmene ofufuza ena amatchulira mapepala a kafukufuku a munthu) ya 48 pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a sayansi, mapepala ake amatchulidwa kwambiri, ndipo amafufuza za mankhwala achilengedwe opezeka m'masamba ndi m'zipatso. Wachiwiri h-index yake ndi 13, koma watha zaka zambiri akukwatitsa nyemba, ndipo mitundu ingapo imene anapanga akuti ikulimidwa. Funso lake ndi ili: "Anzanga onse akuti ndipite kwa woyambayo chifukwa ndiye wotchuka. Kodi manambala amenewa ndi amene amasonyeza kuti munthu wathandizadi pa sayansi? Ngati si amenewa, ndiyang'ane chiyani?"

Achemwali, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Mapulofesa awiriwo sindikuwadziwa, choncho sindikusankhirani munthu. Koma manambalawo ndimawadziwa, ndipo ndikuuzani mosabisa kuti sanama, kungoti amayankha funso lina, osati limene inu mukufunsa. Amakuuzani kuchuluka kwa anthu olemba mapepala amene anatchulapo pepala la munthuyo. Pa sayansi ya zakudya ndi zomera, ntchito yaikulu ya wofufuza nthawi zambiri imadzera m'njira zimene siziwerengedwa pamenepo.

Tiyambe ndi nambalayo. Kuwerenga kuti pepala latchulidwa kangati kunakhazikika ndi Eugene Garfield, amene anatulutsa Science Citation Index, kaundula wosonyeza mapepala amene atchula mapepala ena, mu 1964. Cholinga chake poyamba chinali kuthandiza ofufuza kupeza mapepala ogwirizana ndi nkhani yawo, osati kuika anthu pa sikelo. Koma h-index yeniyeniyo inabwera mu 2005, ndipo anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku yunivesite ya California ku San Diego. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Pulofesa wanu wachiwiriyo ali ndi mapepala 13 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 13. Woyambayo ali ndi mapepala 48 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 48. Basi. Nambalayi siiona ngati munthuyo analemba yekha kapena anali wa nambala 26 pa mndandanda wa olemba 40. Siiona ngati amene anamutchulawo ankamuyamikira kapena ankasonyeza kuti analakwitsa. Imakula ndi zaka, moti munthu amene anasiya kufufuza kalekale akhoza kuposa wachinyamata amene akuchita zinthu zapamwamba lero. Komanso munthu yemweyo mukamufufuza pa Scopus kapena pa Web of Science, amene ndi makaundula ena a mapepala a sayansi, nthawi zambiri mupeza nambala yotsikirapo, chifukwa Google Scholar imawerenga pafupifupi chilichonse, kuphatikizapo malipoti ndi zolemba za ophunzira.

Tsono funsani kuti m'nthambi yathuyi, mapepala amene amatchulidwa koposa ndi otani. Mudzapeza kuti ambiri ndi ofotokoza njira yoyezera zinthu. Mu 2014 magazini ya Nature inatulutsa mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi, ndipo pamwamba penipeni panali pepala la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza kayezedwe ka mapuloteni, limene linali litatchulidwa maulendo oposa 300,000. Pepala la Watson ndi Crick la mu 1953 lonena za kapangidwe ka DNA silinalowe n'komwe pa mndandandawo. Chifukwa chake n'chakuti mfundo ikafala kwambiri imalowa m'mabuku a kusukulu ndipo anthu amaleka kutchula mwini wake, pamene njira yoyezera imatchulidwa nthawi iliyonse munthu akaigwiritsa ntchito. Inunso ndikukhulupirira kuti m'lipoti lanu lomaliza munalemba mzere umodzi wakuti munayeza ma phenolic, mtundu wina wa mankhwala achilengedwe a m'zomera, motsatira Singleton ndi Rossi, 1965. Awiriwo ankafufuza za vinyo ku Davis, ku California, ndipo ophunzira ambiri amene amawatchula lero pepalalo sanalitsegulepo.

Musandimve molakwika. Nthawi zina kutchulidwa kwambiri kumayenderadi limodzi ndi phindu lenileni. Lowani mu labotale iliyonse yomeretsera zomera m'mabotolo, muone mashelefu odzaza timabotolo tokhala ndi phala loonekera mkati, pamwamba pake pali kachidutswa ka tsinde kochepa ngati njere ya mpunga, katayamba kutulutsa timasamba tobiriwira. Phalalo nthawi zambiri limapangidwa motsatira muyezo wa mchere, shuga ndi mavitamini umene Toshio Murashige ndi Folke Skoog anasindikiza mu 1962, poyesa minofu ya fodya ku yunivesite ya Wisconsin. Nthochi, mbatata ndi chinangwa zopanda matenda zimene zimachulukitsidwa m'malabotale padziko lonse zimadzera m'phala limeneli. Pepalalo ndi limodzi mwa otchulidwa koposa pa sayansi ya zomera, ndipo likuyeneradi. Dziwaninso kuti Murashige anayamba ntchitoyi ali wophunzira wa Skoog.

Vuto limabwera mukayerekeza anthu a m'nthambi zosiyana, ngati mmene anzanu akuchitiramo. Kafukufuku wa mankhwala achilengedwe a m'zomera ali ndi anthu ambirimbiri. Kuyeza kwake kumatheka m'milungu yochepa: kuumitsa masamba, kuwapera, kuwaviika mu mowa wa mu labotale, kuthira mankhwala osintha mtundu, n'kuwerenga nambala pa makina. Pepala likatuluka, ena mazanamazana amene akuchita zofananazo ndi chomera china amalitchula. Munthu akalembanso pepala losonkhanitsa zimene ena apeza, limatchulidwa kuposa la kafukufuku weniweni, chifukwa aliyense amafuna chinachake choti atchule m'ndime yoyamba. Izi sizikutanthauza kuti pulofesa wanu woyambayo ndi wopanda pake. Koma dziwani kuti mu 2012 unduna wa zaulimi wa ku America unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa ORAC, umene unkasonyeza mphamvu ya ma antioxidant (mankhwala amene amati amateteza maselo a thupi kuti asawonongeke) m'zakudya zosiyanasiyana. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti panalibe umboni woti nambala yopezeka m'botolo la mu labotale imasonyeza zimene zimachitika m'thupi la munthu, ndipo amalonda ankaigwiritsa ntchito molakwika potsatsa malonda. Mapepala ambiri otchulidwa kwambiri anaima pa miyezo ya mtundu umenewu.

Wokwatitsa mbewu wotchi yake imayenda mosiyana. Amatenga mungu wa chomera china n'kuika pa duwa la chinzake, n'kudikira nyengo yathunthu. Kenako amabzala ana, kusankha, kubzalanso, mibadwo ingapo mpaka mtunduwo utakhazikika. Akatero amauyesa m'madera osiyanasiyana kwa zaka zingapo, kenako n'kupita nawo ku komiti yovomereza mbewu. Zaka khumi zimatha mosavuta. Pamapeto pake chimene chimatuluka ndi thumba la mbewu lokhala ndi dzina la mtunduwo, osati la munthuyo, komanso mwina kapepala ka masamba awiri kolembetsa mtundu watsopano. Mlimi amene wakolola zochuluka salemba pepala. Pamene impact factor, nambala imene magazini a sayansi amadzitamira nayo, imangowerenga kutchulidwa kwa mapepala amene magaziniyo inasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo.

Nkhani ya tirigu wamfupi imasonyeza bwino mmene ntchito ya munthu imayendera m'nthambi imeneyi. Aliyense amadziwa Norman Borlaug, amene anayamba ntchito ku Mexico mu 1944 ndipo analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1970. Vuto limene ankalimbana nalo linali lakuti tirigu wamtali akathiridwa feteleza wambiri ngala zimalemera ndipo amagwa. Majini ofupikitsa tsinde sanawapeze yekha. Anachokera mu mtundu wa ku Japan wotchedwa Norin 10, umene unapangidwa ndi Gonjiro Inazuka. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Cecil Salmon anatenga mbewuyo kupita nayo ku America. Orville Vogel wa ku Washington State anaukwatitsa ndi tirigu wa kumeneko, ndipo anatumizako mbewu kwa Borlaug. Borlaug ankabzala kawiri pa chaka, kuchigwa cha Yaqui ku Sonora komanso kumapiri a ku Toluca, pofuna kufulumizitsa ntchito, ndipo zimenezi zinachititsa kuti mitundu yake izimera bwino m'madera osiyana kutalika kwa usana. Mu 1966 dziko la India linagula matani 18,000 a mbewu imeneyi. Tsopano dzifunseni kuti Inazuka ali pati pa Google Scholar. Komatu majini amene anasankha ali mu tirigu wochuluka amene akulimidwa padziko lapansi lero. Ntchito yake munthu amaiona akatsegula mndandanda wa makolo a mbewu, osati mndandanda wa mapepala.

Yuan Longping wa ku China naye analemba pepala lake lofunika kwambiri mu 1966, m'Chitchaina, lonena za mpunga umene mungu wake subereka. Mu 1970 womuthandiza wake, Li Bihu, anapeza mpunga wakutchire wa mtundu umenewu pa chilumba cha Hainan, ndipo pofika mu 1976 alimi anali atayamba kulima mpunga wa haibulidi pa minda ikuluikulu. Mabungwe owerenga mapepala a m'Chingelezi sakanamuona pa nthawiyo. Mu 2004 Yuan analandira World Food Prize, mphoto ya padziko lonse ya othandiza pa nkhani ya chakudya, limodzi ndi Monty Jones wa ku Sierra Leone, amene anatsogolera ntchito yokwatitsa mpunga wa ku Africa ndi wa ku Asia n'kupanga mitundu ya NERICA.

Koma popeza inu ndinu wa sayansi ya zakudya, munthu amene ndikufuna mumudziwe bwino ndi Evangelina Villegas wa ku Mexico. Mu 1964 ofufuza a ku yunivesite ya Purdue anapeza kuti chimanga chokhala ndi jini yotchedwa opaque-2 chili ndi lysine wambiri, ndipo kenako zinadziwika kuti tryptophan nayenso ndi wochuluka. Izi ndi zinthu ziwiri zimene zimaperewera m'mapuloteni a chimanga wamba. Anthu anasangalala kwambiri, koma chimangacho chinali chofewa, chosabereka bwino ndiponso chosachedwa kufumbwa, moti ambiri anachitaya. Ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu limene lili ku Mexico, Surinder Vasal anapitiriza kusankha njere zolimba m'munda, ndipo Villegas ndi gulu lake ankayeza zitsanzo masauzande ambiri mu labotale kuti atsimikize kuti njere ikalimba, ubwino wa mapuloteni ake sunatayike. Popanda kuyeza kumeneko, wa m'mundayo akanangosankha mwachimbulimbuli. Ntchitoyi inatenga zaka zambiri, mpaka panatuluka chimanga cha mapuloteni abwino chodziwika ndi dzina lakuti QPM. Mu 2000 awiriwa analandira World Food Prize, ndipo Villegas anali mayi woyamba kulandira mphotoyi. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ntchito yoyeza zitsanzo tsiku ndi tsiku ndi imene anthu amaiderera kwambiri, ndipo nthawi zambiri oigwira dzina lawo limakhala pakati pa mndandanda wa olemba, kapena m'kandime kothokoza kumapeto.

Palinso nkhani ya nthawi. Gregor Mendel anasindikiza zotsatira za nsawawa zake mu 1866, anamwalira mu 1884, ndipo dziko linazindikira kufunika kwa ntchito yake mu 1900. Barbara McClintock anafotokoza za majini osuntha malo m'chimanga pa msonkhano wa ku Cold Spring Harbor mu 1951, anthu ambiri sanamumvetse, ndipo mphoto ya Nobel analandira mu 1983. Sindikunena kuti aliyense wa nambala yotsika ndi Mendel wobisika. Ambiri nambala yawo ndi yotsika chifukwa ntchito yawo ndi yochepadi. Ndikungoti nambala ya lero siingakuuzeni za mawa.

Mbali ina nayo ilipo, ndipo ndi yowawa. Brian Wansink anali pulofesa wotchuka zedi wa ku yunivesite ya Cornell, wofufuza za kadyedwe ka anthu. Mfundo zake, monga yakuti kukula kwa mbale kumachititsa munthu kudya kwambiri, zinafala m'manyuzipepala padziko lonse, ndipo anatsogolerapo nthambi ya boma la America yoona za malangizo a kadyedwe. Mapepala ake ankatchulidwa kwambiri. Kumapeto kwa 2016 iye mwini analemba pa intaneti mmene analimbikitsira wophunzira wake kusanthula manambala mobwerezabwereza mpaka atapeza chinachake chosindikizika. Ofufuza ena atayamba kuunika mapepala ake anapeza manambala osagwirizana ambirimbiri. Mu September 2018 magazini a zachipatala a gulu la JAMA anachotsa mapepala ake 6 tsiku limodzi, yunivesite inalengeza kuti anaphwanya malamulo a kafukufuku, ndipo iye anatula pansi udindo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ganizirani ophunzira amene anasankha labotale imeneyo poona kutchuka kwake, ndipo mayina awo ali pa mapepala amenewo mpaka lero. Dziwaninso kuti pepala likachotsedwa, anthu ena amapitirizabe kulitchula kwa zaka, ndipo nambala imakwerabe.

Akatswiri eni ake akudziwa zonsezi. Mu December 2012 gulu la akonzi a magazini ndi ofufuza linakumana ku San Francisco n'kugwirizana chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti munthu asamayezedwe ndi impact factor ya magazini imene wasindikizamo koma ndi zimene zili m'pepalalo. Mayunivesite ndi mabungwe ambiri opereka ndalama za kafukufuku anasainira. Kale kwambiri, mu 1968, Robert Merton anali atafotokoza kale kuti pa sayansi wodziwika amapatsidwa ulemu woonjezereka ngakhale pa ntchito imene wagwira ndi ena, pamene wosadziwika amaiwalika. Choncho nambala ikafika pa 48, mbali ina ya kukwera kwake imachokera ku dzina limene linatchuka kale.

Ndiye muyang'ane chiyani? Patulani madzulo awiri kapena atatu. Tsegulani tsamba la pulofesa woyambayo, muone mapepala ake 10 apamwamba, ndipo muwerenge kuti ndi angati amene ndi kafukufuku weniweni ndipo ndi angati ongosonkhanitsa za ena. Onani malo a dzina lake. M'nthambi zathuzi woyamba pa mndandanda nthawi zambiri ndi amene anagwira ntchito ndi manja, womaliza ndi mwini labotale, ndipo apakatiwo zimasiyanasiyana. Ngati amatulutsa mapepala ochuluka kwambiri chaka chilichonse, pa nkhani zosayenderana, ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene sanagwirepo nawo ntchito ya nthawi yaitali, muyenera kudzifunsa kuti amawerenga liti zimene amasainazo. Kenako sankhani pepala lake limodzi la kafukufuku weniweni, mutsegule ena 10 mwa amene analitchula, ndipo mufufuze chiganizo chenicheni chimene dzina lake likupezekamo. Apa ndi pamene zinthu zimaonekera. Mukapeza dzina lake lili m'gulu la mayina asanu kumapeto kwa chiganizo chonena kuti zipatso zili ndi ma antioxidant, ndiye kuti anangomutchula podutsa. Koma mukapeza wina akunena kuti anagwiritsa ntchito njira yake, kapena anabwereza kuyesa kwake pa anthu kapena pa ziweto, kapena akutsutsana naye kwa ndime yathunthu, ndiye kuti ntchito yake ikusunthadi maganizo a anthu. Pa Scopus pali batani lochotsera maulendo amene munthu anadzitchula yekha. Lidineni, muone ngati nambala ikugwa kwambiri. Lembaninso dzina lake pa tsamba la Retraction Watch, limene limasunga mndandanda wa mapepala ochotsedwa. Zimatenga mphindi imodzi.

Wachiwiriyo mumufufuze m'malo amene ntchito ya wokwatitsa mbewu imalembedwa. Mitundu imene akuti anapangayo iyenera kupezeka m'kaundula wa mbewu zovomerezeka wa dziko limene inatulutsidwa, pamodzi ndi chaka ndi bungwe. Funsani ngati pali kampani kapena gulu limene likuichulukitsabe, chifukwa mitundu yambiri imavomerezedwa n'kuthera pa shelefu. Funsani ngati okwatitsa anzake amaigwiritsa ntchito ngati kholo. Mawu akuti "akuti ikulimidwa" musawameze osatafuna, monga mmene simuyenera kumezera 48 uja. Ndipo popeza inu si wa m'munda koma wa zakudya, mufunseni mwachindunji kuti mbali yanu idzakhala iti. Pa nyemba pali mafunso enieni a sayansi ya zakudya: nthawi imene zimatenga kuti zipse, kuuma kumene kumabwera zikasungidwa pa malo otentha ndi achinyezi, kuchuluka kwa ayironi ndi zinki, komanso phytate amene amalepheretsa thupi kuyamwa michere imeneyi. Ngati ali ndi mitundu yambiri yoyembekezera kuyezedwa ndipo pali labotale yokhala ndi zida, mukhoza kuchita ntchito yonga ya Villegas. Ngati zida palibe, mudzatha zaka ziwiri mukupempha makina kwa ena.

Chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu pa zonse ndi ophunzira amene anadutsa m'manja mwa munthuyo. Kutchuka pa sayansi ndi luso loyang'anira wophunzira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pa zaka ziwiri zikubwerazi chachiwirichi ndi chimene chidzakukhudzani tsiku lililonse. Pezani mayina a ophunzira amene anamaliza kwa pulofesa aliyense m'zaka zisanu zapitazi. Laibulale ya yunivesite imasunga zolemba zawo, ndipo dzina la woyang'anira limakhala pa tsamba loyamba. Onani ngati anamaliza pa nthawi yake, ngati ntchito yawo inasindikizidwa, komanso ngati dzina lawo linali loyamba pa pepalalo. Kenako alembereni awiri kapena atatu, makamaka amene anachoka kale pa yunivesiteyo, chifukwa amenewo amalankhula momasuka. Afunseni kuti chaputala chikatumizidwa chinkabwerera patapita nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati chinkabwera ndi ndemanga zenizeni kapena mawu amodzi okha. Afunseni kuti zotsatira zikatuluka zosiyana ndi zimene pulofesa ankayembekezera, iye ankatani.

Mukakumana ndi mapulofesawo, aliyense mumufunse kuti pa ntchito yake yonse, ndi iti imene ena anaitenga n'kupita nayo patsogolo, ndipo anafika nayo pati. Mudzamve ngati akutchula anthu, mbewu ndi njira zoyezera, kapena akungokuuzani mayina a magazini. Mukamaliza zonsezi mundilemberenso, mundiuze zimene ophunzira akalewo anena.